Chaka chimene Edina anatenga Amayi

Kuno ku Mwadzama anthu amachitchula kuti chaka chimene nyanja inaoletsa chinangwa. Ine ndimachikumbukira china. Ndi chaka chimene mng'ono wanga Edina anabwera kudzatenga Amayi.

Tinabadwa awiri, akazi okhaokha. Ine Felesiya ndine wamkulu, ndipo ndine amene ndinakhala pamudzi. Bambo atamwalira, Amayi anatsalira m'manja mwanga, kanyumba kawo kali kuseri kwa khitchini yanga. Edina anakwatiwa ku boma ndi mwamuna wokonza njinga zamoto. Amakhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika, pabwalo poti ngakhale nkhuku singatembenuke bwino. Munda analibe. Chaka chilichonse ankabwera ndi matumba opinda m'khwapa, ine n'kumudzazira ufa wa kondoole, mpunga, nthawi zina ndi usipa wouma. Pakamwa ndinkadandaula kuti anthu a m'tauni amangodziwa kudya. Koma mumtima ndinkamva bwino, makamaka Amayi akamauza alendo kuti, "Pakanapanda Felesiya, bwenzi ana a ku boma aja atauma."

Novembala

Nyanja inali itakwera kuyambira nthawi yozizira, ndipo sinabwerere m'malo mwake. Munda wathu wa kumunsi, kumene kunali chinangwa chathu chonse, sunamire, koma pansi pake panali madzi. Masamba anayamba kuchita chikasu. Tsiku lina ine ndi amuna anga, bambo a Yohane, tinapita kukazula. Mtengo unkangozuka wokha, wopepuka. Ukapisa dzanja m'dothi unkatulutsa phala lonunkha. Tinazula mzere wonse, kenaka wina. Bambo a Yohane anapukuta manja pa udzu n'kunena kuti, "Amake Yohane, chaka chino tilira."

Sabata yomweyo Edina anatulukira. Ndinamuona akutsika pa kabaza, ndipo ndinayambiratu kukonza mawu omuuza kuti chaka chino palibe chomupatsa. Koma thumba lake silinali lopinda. Linali lotupa. Analikhuthula pa mphasa pamaso pa Amayi: mpiru, matimati, anyezi, ndi chimanga chachiwisi. Chimanga chachiwisi mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo!

"Wagula?" ndinamufunsa.

"Ayi akulu, talima."

"Mwalima pati? Padenga?"

Anafotokoza kuti amayi a kuseri kwa msika, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, anapanga gulu n'kukapempha malo a chinyontho amene anthu ankatayako zinyalala. Anachotsamo mapulasitiki ndi mabotolo osweka. Zoola za mumsika, mamba a nsomba ndi mankhusu a kuchigayo cha mpunga ankazikwirira m'maenje kuti zisanduke manyowa. Anasonkherana, bungwe lina n'kuwaonjezera, nagula pampu yoyendera dzuwa. Aliyense anali ndi mabedi ake, koma panalinso gawo la onse, lodyetsera ana ndi okalamba.

"Ndiye ichi ndi chimanga cha kudzala," ndinatero. Ndinaseka ndekha.

Amayi ali ndi mano ochepa, koma anati chiphikidwe. Anatha ziwiri, akukukuta ndi mano a m'mbali, madzi akutsikira m'chigongono.

"Chotsekemera," anatero. "Edina, uli ndi dzanja mwanawe."

Ine ndalima kuyambira ndili mtsikana, zikhatho zanga zinauma ngati chikopa, koma mawu amenewo anali asanandiuzepo. Chimanga changa ndinapatsa ana. Ndinati mano akundipweteka.

Disembala

Mvula inayamba bwino. Tinadzala chimanga kumtunda, m'munda wa Amayi umene ndakhala ndikulima chimwalirire Bambo. Mundawo ndi waukulu, koma theka lake linali tsala, chifukwa mbewu ndi mphamvu zinkatiperewera. Feteleza tinangomuonera m'sitolo. Mpunga tinafesa kudambo madzi a chaka chatha asanaphwe n'komwe.

Chakudya chinali mango. Kuno mitengo ya mango ndi yambiri, ndipo mu Disembala munthu safa ndi njala. Mmawa mango akupsa, masana mango ophika, madzulo kaufa kogula kogawana mosamala. Bambo a Yohane ankapita kunyanja ndi bwato la eni ake, koma usipa unali utathawira kutali. Ankabwera ndi kambale ka ndiwo za tsiku lomwelo.

Mphekesera zinayamba. Ena ankati kudepoti kukubwera malole a chimanga chotsika mtengo. Ena ankati mavenda agula kale chonse n'kubisa m'nyumba, akudikira Febuluwale.

Pa Khirisimasi Edina anatumiza dengu la kabichi ndi mbatata kudzera kwa wakabaza. Titatuluka mu Misa, Amayi anauza mzimayi aliyense pabwalo la tchalitchi za dengu limenelo, mpaka kuonetsa ndi manja kukula kwa kabichiyo. Ine amene ndinawachapira ndi kuwasitira chitenje chimene anavala tsikulo, ndinaima pambali ngati mlendo.

Januwale

Mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Kumwamba kunayera mbee, sabata ndi sabata. Masamba anapindika ngati a anyezi, ndipo m'kati mwake munalowa ntchemberezandonda. Tinkathira mchenga ndi phulusa phesi lililonse, msana kuchita kuuma, koma mbozizo zinkangodya. Mango anatha. Tinayamba kudya kamodzi patsiku.

Amayi amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ofuna kuti munthu adye kaye. Mmawa ndinkawaphikira phala la gaga, ana akuyang'ana. Ine ndikatembenuka, iwo ankagawira adzukulu. Lamulungu lina titaimirira kuti timve Uthenga Wabwino, Amayi anangofooka n'kugwera pa benchi. Tinawatulutsa panja, kuwakupiza ndi buku la nyimbo mpaka atatsegula maso. Mafoni awa, nkhani inafika ku boma ine ndisanafike kunyumba.

Mawa lake Edina anabwera pa njinga yamoto ndi mwamuna wake.

"Akulu, ndabwera kudzawatenga Amayi. Akakhale kwathu mpaka zinthu zitacha m'munda."

"Akagona pati? M'kanyumba kako kaja?"

"Agona ndi ana. Chachikulu n'chakuti azidya."

"Ndiye ukuti kuno ndikuwapha ndi njala?"

"Sindinatero, akulu."

"Zaka zonsezi wadya za m'manja mwanga, iwe ndi ana ako. Lero wadzala timasamba padzala, basi wasanduka wolera Amayi?"

Edina anangowerama. Ali ndi khalidwe limenelo chiyambire ubwana. Amangoyang'ana pansi, iwe wolankhulawe n'kuoneka woipa.

"Tikawafunse eni ake," ndinatero, ndilibe n'chikaiko chomwe.

Titalowa m'kanyumba kawo tinapeza atamanga kale kamtolo: zitenje, Baibulo, mankhwala, nsapato za kutchalitchi zili pamwamba.

"Ndikupeputse, Felesiya," anatero Amayi. "Uli ndi ana."

Anawakweza pakati, mlamu wanga kutsogolo, Edina kumbuyo atawagwira m'chiuno. Amayi amene ankakana ngakhale njinga yakapalasa! Sanacheuke. Mwina ankaopa kugwa. Ine chimene ndinaona n'chakuti sanacheuke.

Febuluwale

Mwezi uwu sindikonda kuukamba. Mtengo wa chimanga unkasintha pakati pa mmawa ndi masana. Mavenda anasiya kugulitsa pa ndowa, nayamba timapepala ta ufa tongokwana phala la mwana. Anansi athu anagulitsa mbuzi, ena mpaka malata a padenga. Anyamata anapita ku Dwangwa kukafuna ganyu m'minda ya nzimbe, ndipo Yohane wathu anapita nawo. Bambo ake anapita ku Dwambazi atamva kuti kumeneko nsomba zikugwidwa. Ine ndi ana awiri aang'ono tinkadya chigwada cha mitengo yopulumuka ndi timaungu tosakhwima.

Pachitsime anthu ankakamba za gulu la Edina. Ena ankati ndalama zake n'za azungu ndipo akomiti akudya. Ena ankati masamba olimidwa pa zinyalala amatsegula m'mimba. Ine sindinkaonjezerapo, koma ndowa ikadzaza sindinkafulumira kusenza.

Titamva kuti kudepoti kwafika lole ya chimanga, ndinalawira kupita ku boma. Ndinapeza mzere utazungulira mpanda. Dzuwa lisanafike pamutu anatseka zenera, akuti chatha. Ndinaima pamsewu nthawi yaitali, thumba langa lili lopinda m'khwapa. Kenaka ndinadziuza kuti ndingopita kukaona Amayi, basi.

Kunyumba kwa Edina ana anati onse ali kudimba. Ndinalondola kanjira ka kuseri kwa msika, ndikuyembekezera fungo ndi ntchentche. Ndinapeza kubiriwira kopweteka m'maso. Mabedi a mpiru, repu, therere, mizere ya mbatata, ndi paipi yakuda ikulavula madzi. Dzuwa lomwelo limene linkaotcha chimanga changa ndi limene linkawapopera madzi. Pansi pa chisakasa amayi awiri ankagawa phala kwa ana ndi okalamba amene anakhala pamzere ndi makapu awo.

Amayi anali pomwepo, pa mpando wa pulasitiki, akumanga mpiru m'timitolo ta kumsika, ndodo yoingitsira mbuzi ili pambali. Masaya anali atabwerera. Ankaseka, kuseka kotsegula pakamwa ponse, ndi mayi wina wofunda mpango wautali wa Chisilamu. Ameneyu anali Mayi Asiyatu, wapampando wa gululo.

"Eee, uyu ndi mwana wanga wa kumudzi uja," anatero Amayi.

Wa kumudzi. Ngati kuti iwo anabadwira pamsika.

"Takulandirani, mayi," anatero Mayi Asiyatu, akundipatsa dzanja. "Agogo amakutchulani tsiku ndi tsiku. Walahi, gulu lathu lachita mwayi. Mbuzi zikuwaopa kuposa mlonda."

Edina anabwera, matope m'miyendo, khosi litadzaza. Anayang'ana thumba langa. Analisolola m'khwapa mwanga, napita nalo kukanyumba kosungiramo katundu, n'kubwera nalo muli ufa ndi mbatata.

"Ndi gawo langa la sabata ino, akulu. Si za gulu."

Ndinafuna kunena kuti kunyumba tili nazo zambiri. Koma ndinakumbuka mmene ana anandiyang'anira ponyamuka. Ndinagwada kuti munthu anditwike, ndipo amene ananditwika ndi Edina yemweyo, amayi onse aja akuona. Njira yonse thumbalo linkandiotcha pamutu. Ana anadya mpaka kugona ali chikhalire. Inenso ndinadya, ndipo mbatatayo inali yokoma. Kukomako ndi kumene kunandipweteka kwambiri.

Malichi

Mvula inabwerera ngati yokwiya. Chimanga chinali chitapita kale. Mpunga kudambo unamira, tinkangoona nsonga. Ku boma nakonso madzi analowa m'mabedi a kumunsi a gulu lija. Nditamva zimenezi, sindikunama, tsiku limenelo ndinayenda mopepuka.

Kupepukako sikunakhalitse. Loweruka lina Edina anabwera ndi Mayi Asiyatu. Anakhala pa mphasa mwaulemu, ngati anthu odzafunsira mbeta.

"Akulu, Amayi atituma," anayamba Edina. "Akuti tsala la kumtunda lija alibwereka gulu. Tidzalemo mbatata ndi chinangwa chinyontho chikadalipo."

"Tsala liti?"

"La kuseri kwa chulu."

"Limenelo ndi la ana anga."

"Ndi la Amayi, akulu. Ndipo inenso ndine mwana wawo."

Aka kanali koyamba Edina kundiyankha akundiyang'ana m'maso.

Mayi Asiyatu analowerera. "Mayi, sitinabwere kudzalanda. Ife m'tauni tili ndi manja ndi mbewu, malo tilibe. Inu malo muli nawo, mbewu yanu yaola. Tikakolola mudzatenga gawo la mwini munda, ndipo mukalima nafe mudzatenganso la mlimi. Amalume anu avomera kukhala mboni kuti uku n'kubwereka chabe."

Ndiye kuti anali atafika kale kwa amalume. Onse ankadziwa kupatula ine, amene ndinkadutsa m'tsalamo tsiku ndi tsiku.

Bambo a Yohane anali atabwerako ku Dwambazi, atatenga malungo m'malo mwa nsomba. Nditawauza, anayankha ali chigonere.

"Mbatata ilibe mlandu, amake Yohane. Avomereni."

Ndinawakumbutsa kuti iwo ndi mkamwini, za minda ya kwathu asalowerere. Koma mawa lake ndinanola khasu.

A gulu anabwera pa lole yobwereka, amayi odzaza, akuimba, mitolo ya kholowa ndi mitengo ya chinangwa ili pamwamba. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Ndinalima nawo, mzere wanga uli kumalire nthawi zonse, kuti khasu la munthu lisalumphire mbali yanga. Chovuta n'chakuti ankandikonda. Ankandigawira mandasi, kundifunsa za ana, kundiseketsa ndisakufuna. Koma dzina langa sanaligwire. Ankanditchula kuti "akulu ake a Edina." M'mudzi momwe ndinabadwira, m'munda umene unamwa thukuta langa, ndinasanduka akulu ake a Edina.

Epulo ndi Meyi

Njala inayamba kumasula pang'onopang'ono. Maungu anakhwima. Yohane anabwerako, woonda koma wamoyo. Chimanga tinakolola chochititsa manyazi, choti nkhokwe sitinaivutitse n'komwe. Mpunga tinadula tili m'madzi a m'chiuno, kutola ngala imodziimodzi imene inapulumuka. Mitengo pamsika inatsika, koma osafika pakale.

Kumtunda kholowa anayala, kutseka nthaka yonse. Anthu aja ankanyoza masamba a padzala pachitsime anayamba kundifunsa mmene angalowere m'gulu. Ankati ndikawalankhulire kwa Edina. Ndinkawauza kuti njira ya ku boma akuidziwa.

Amayi ankangotumiza moni. Loweruka lililonse gulu likabwera kudzapalira ndinkafunsa kuti abwera liti. Edina ankati, "Akuti tikamakumba mbatata."

Juni

Sabata yokumba mbatata ndinazira kanyumba ka Amayi ndi dothi lakuda. Bambo a Yohane anakonza denga pamene pankadontha. Ndinachapa bulangeti la Amayi, ndinagula mphasa yatsopano. Mphepo yozizira ya mwera inali itayamba, ndiye ndinawaunjikira nkhuni pakhonde.

Amayi anabwera atakhala kutsogolo kwa lole, pafupi ndi dalaivala, atavala juzi imene sindinkaidziwa. Atatsika anandigwira m'mapewa, nati ndaonda. Adzukulu anawathamangira. Tsiku lonse anakhala pamthunzi m'mphepete mwa munda akusankha mbatata, zazikulu uku, zobooka uku, akukalipira aliyense woitema ndi khasu. Mbatata inabereka modabwitsa. Anayamba apatula ya ana ndi okalamba a ku boma, kenaka tinagawana. Mulu wanga unali waukulu kuposa wa aliyense, monga ananenera Mayi Asiyatu. Palibe amene anandibera ngakhale imodzi.

Dzuwa litapendeka ndinawatenga Amayi kukawaonetsa nyumba. Analowa, nayang'ana pansi, nayang'ana denga, nakhudza mphasa.

"Wazira bwino," anatero.

"Katundu wanu ali kuti, Amayi? Ndimutume Yohane akatsitse."

Anakhala pa mphasa paja, nandiuza kuti nanenso ndikhale.

"Felesiya, katundu ndamusiya."

"Njala yatha, Amayi. Mwauona nokha mulu uja."

"Ndauona. Si njala." Anakonza mpango kumutu, ngakhale unali bwinobwino. "Kuno umandisamala, sindikukana. Koma iwe ukapita kumunda, ana kusukulu, ine ndimakhala pakhonde apa kuyang'ana nkhuku mpaka madzulo. Kuja ndikachedwa kudzuka amatuma munthu kudzandifunsa, chifukwa mitolo ikudikira ine. Lolemba tikuokera anyezi."

Tikuokera. Iwo ndi anthu a kumsika.

"Ndiye ine ndalakwa chiyani?"

"Palibe. Iwe ndiwe wolimba, sufuna munthu. Ndizibwera kudzakuona."

Ndinafuna kuwafunsa kuti anawauza ndani kuti sindifuna munthu, koma lole inaliza hutala. Edina anali ataima pakhomo, osalowa, maso ali pansi. Ndinawaperekeza Amayi mpaka kumsewu, ndipo ndine amene ndinawakankha kumbuyo kuti akwere, chifukwa sitepe inali yaitali. Amayi a gulu anayamba nyimbo lole isananyamuke.

Mbatata inali yambiri moti m'khitchini simunakwane. Bambo a Yohane anafunsa kuti yotsalayo tiike kuti. Ndinayang'ana uku ndi uku. Malo ouma, ozira bwino, osadontha, analipo amodzi okha. Tinaituta ndi madengu, ine, iwo ndi ana, kuiunjika m'kanyumba ka Amayi. Mphasa yatsopano ija ndinaikulunga n'kuiimika pakona.